Sopo wa Anjira Anga

Kwa zaka zingapo ndinali wotsuka zitini pagulu lathu la alimi a ng'ombe zamkaka, chakufupi ndi Thuchila. Ena amaiona ngati ntchito yonyozeka, koma ine ndinkainyadira, ndipo wondinyoza ndinkamuyankha pompo. Zitinizo zinali za gulu. Mlimi ankabwera m'mamawa ndi chitini chodzaza, wina panjinga wina pamutu, akalaliki n'kuyesa mkakawo, kuuthira m'thanki yoziziritsa, mlimiyo n'kubwerera kwawo ndi chitini china chotsuka kale. Galimoto ya kampani ya ku Blantyre inkabwera kudzapopa mkaka wonse. Ikanyamuka, zitini zakuda ndi thanki yopanda kanthu zinkatsalira ine.

Nditangoyamba ndinkatsuka monga timatsukira mbale kunyumba, kenako n'kuthira kolorini wambiri kuti fungo limveke mpaka kumsewu. Apampando athu, bambo amene anapuma ntchito kuminda ya tiyi, ankayendera ukhondo ndi mphuno. Ankanyamula chitini, kulowetsa nkhope, kukoka mpweya, akatsokomola ndiye kuti ndagwira ntchito. Tsiku limene sanatsokomole ankandifunsa ngati mankhwala atha.

Amene anandichotsa umbuli anali alangizi a ziweto, mayi wamfupi wosaseka wamba. Tsiku lina anafika pa njinga yamoto, natenga chitini chimene ndinali nditangochitsuka kumene. Sanachinunkhize. Anapinda mkono wa bulauzi, kulowetsa dzanja mpaka pansi, n'kuyendetsa chala m'mphepete mmene chitsulo chinalumikizana. Kenako anandiuza kuti nane ndichite chimodzimodzi. Chala changa chinatsetsereka ngati ndagwira poto wophikira therere. Ndinachita manyazi kwambiri, chifukwa chitinicho chinkawala ndipo chinkanunkha kolorini mpaka kuyetsemulitsa.

Anandikhazika pansi n'kundifotokozera mosafulumira. Anati tizilombo towononga mkaka sitikhala pambalambanda. Tikapeza mafuta a mkaka otsalira m'makona, timadzimangira nyumba yoterera n'kubisalamo, monga chiswe chimamatira dothi pamtengo n'kumadya chili mkati. Kolorini akafika amangopha tapamwamba, mphamvu zake n'kuthera pa zoterera zomwezo, tam'kati n'kutsala tili gwa. Mawa mkaka watsopano ukalowa, timatuluka n'kuyamba ntchito yake. Anati ngakhale nditakhuthuliramo chigubu chonse cha kolorini, ndingovutitsa mphuno za apampando. Chofunika n'kuyamba kaye kugumula nyumbayo, ndipo chogumulira ndi soda wosungunula m'madzi otentha, soda woluma uja amene ena amapangira sopo.

Kuyambira tsiku limenelo ntchito yanga inali ndi ndondomeko. Kutsukuluza ndi madzi wamba kuti mkaka uchoke, kunyika m'madzi otentha a soda, kukwecha ndi bulashi nditavala magolovesi, kutsukuluzanso mpaka soda atheretu chifukwa sasakanizidwa ndi kolorini, kenako kolorini pang'ono chabe, n'kuvundikira zitini pathandala kuti ziume. Mpopi wa thanki ndinkaumasula wonse, kutulutsa ndi kalabala kam'kati, chifukwa kumeneko n'kumene therere limakonda kubisala. Ndinkalitcha therere basi, ndipo dzinalo linafala pagulu ponse. Chitini chikayera zenizeni, ukakhudza ndi chala chonyowa n'kukoka, chimalira kuti tswii. Kulira kumeneko ndi kumene ndinkakhulupirira, osati mphuno ya munthu. Apampando anadandaula milungu iwiri kuti pamalo pasiya kununkha ukhondo, koma ataona kuti mkaka wathu wasiya kubwezedwa anandipatsa kiyi wa kabati ya mankhwala kuti ndizisunga ndekha.

Tsopano ndinene za anjira anga. Amene sanakulire kuno mwina sadziwa chinjira. Mlongo kapena mchemwali umangompeza, koma anjira umasankha wekha, mkazi mnzako amene si m'bale wako, n'kugwirizana kuti chako ndi chake. Mumatumizirana mbale, ndipo mbale ya anjira sibwerera yopanda kanthu, ngakhale muikemo mtedza wodzaza dzanja limodzi. Kukagwa maliro kwanu, iye ndiye woyamba kukoleza moto. Zimene sungauze mayi ako okubereka umauza iyeyo. Anjira anga anabwera kuno ali mwana wobereka kumsana, makolo awo akuthawa nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo nkhondo itatha banja lawo silinabwererenso. Tinadziwana kuchigayo, tikukangana kuti wafika poyamba ndani, ndipo kukanganako kunathera m'kuseka. Bambo a kunyumba kwanga atamwalira, anjira anakhala kwathu mwezi wathunthu, kutunga madzi, kumweta udzu wa ng'ombe, kundikakamiza kudya. Sopo ankamutcha sabawu, monga amanenera kutsidya, ndipo ndinkawaseka nazo tsiku lililonse.

Amuna awo ankapalasa kabaza ku Muloza, koma njingayo inkakhala kwa okonza masiku ambiri kuposa pamsewu. Pakhomo pawo zinthu sizinkayenda. Choncho alimi atachuluka, komiti n'kunena kuti pakufunika wotsuka wachiwiri, ine sindinadikire kufunsidwa. Panali ena amene ankafuna kuikapo abale awo, ndipo wina ananena kuti anjira alibe ngakhale ng'ombe m'gululi. Ndinapsa mtima, ndinaimirira pamaso pa komiti yonse n'kunena mawu amene mpaka lero amandiwawa ndikawakumbukira.

“Awa ndikuwadziwa ngati chikhatho changa. Akadzalakwa, mudzati ndalakwa ine.”

Anawalemba. Ndinawaphunzitsa monga anandiphunzitsira alangizi, osabisako kanthu. Anali ndi manja abwino kuposa ine, ndisaname. Tsiku loyamba limene chitini chawo chinalira, anaseka mpaka kugwira m'mimba, n'kumabwereza kukoka chala ngati mwana wapeza chidole. Kuyambira pamenepo tinali ndi kamwambo kathu. Wina akamaliza chitini chomaliza ankati, “Chalira, anjira,” mnzake n'kuyankha, “Chalira,” ndiye kuti taweruka.

Chaka chotsatira mwana wanga wamkazi anali woyembekezera, ndipo mimbayo inali yovuta. Miyendo inatupa, anamwino n'kunena kuti akadikirire kuchipatala cha kuboma. Woti akamudikirire panalibe wina koma ine. Gulu linali litangogula thumba latsopano la soda, losatsegula n'komwe. Ndinamasula kiyi pa mfundo ya chitenje changa n'kumangirira pa chitenje cha anjira ndi manja angawa. Sindinauze apampando, chifukwa sindinaone choti ndiwauzire. Ndinkayesa ndikakhala milungu iwiri, koma mwana anabadwa pochita opareshoni, bala la amake n'kuchedwa kupola, ndipo ndinakhala kumeneko pafupifupi miyezi iwiri.

Amene anakhalapo gadiyani kuchipatala akudziwa mmene sopo amathera. Matewera, zitenje, nsalu zogonera, zonse zimafuna kuchapa tsiku ndi tsiku. Anjira anabwera kudzationa kawiri. Ulendo woyamba anabwera ndi ufa ndi nkhuni. Wachiwiri anatsitsa kathumba pamutu, n'kutulutsa mitanda isanu ndi umodzi ya sopo wotuwa, wodula ndi mpeni, m'mbali mosalingana. Anati aphunzira kupanga sabawu kwa msuweni wawo wa ku Milanje, ndipo amuna awo akumawagulira zipangizo kutsidya, kumene n'zotsika mtengo. Anati ayamba kugulitsako pa Nkando ndipo anthu akumukonda. Ndinagwetsa misozi. Sopoyo ankaluma pang'ono m'manja koma ankachita thovu lambiri, ndipo ndinayenda naye malo onse ochapira ndikudzitama kwa magadiyani anzanga kuti ena muli ndi abale, ine ndili ndi anjira. Ndinawafunsa za kuntchito, anati zonse zili bwino, ndisadere nkhawa.

Titatuluka m'chipatala, anandibweretseranso mitanda ina kunyumba. Amayi a m'gulu lathu ankabwera kudzaona khanda, ndipo ine, wokonda kuoneka wopatsa, aliyense ndinkamudulira kachidutswa kuti akayese. Akandifunsa kumene ndamupeza ndinkangoseka n'kunena kuti ndi wopanga tokha. Ndinkanena kuti tokha chifukwa cha anjira ndinkachiyesa changa.

Lolemba lotsatira ndinabwerera kuntchito. Ndisanafike n'komwe pamalopo, fungo la kolorini linandilandira pamsewu. Anjira anandipatsa kiyi mwamsanga osandiyang'ana, n'kunena kuti mutu ukuwawa, apita kaye kunyumba. Akalaliki anandiuza kuti masiku amenewa zinthu zavuta. Kawiri konse adalaivala a galimoto ya kampani anayesa mkaka wa m'thanki n'kuutenga monyinyirika, akuti watsala pang'ono kusasa. Anthu ankaloza magetsi amene ankazimazima, ena ankanena alimi a kutali kuti akuchedwa kufika, ndipo mayi wina wamasiye anali atabwezedwa katatu mpaka kulira. Zitini palibe anaziganizira, poti apampando ankatsokomola m'mawa uliwonse.

Ndinatenga chitini chimodzi pathandala n'kulowetsa dzanja. Chala chinatsetsereka. Ndinatenga chachiwiri, chachitatu, zonse chimodzimodzi. Ndinamasula mpopi wa thanki, ndipo kalabala kaja kanatuluka katakutidwa ndi zinthu zachikasu zonanda, zonunkha ngati chambiko choiwalika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinatsegula kabati. Thumba la soda linali lopindidwa bwinobwino pakona, ndipo pansi pake panatsala soda wosadzaza ngakhale kapu. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana thumbalo, kenako ndinayang'ana manja anga, amene anali atasupuka ndi sopo wa anjira. Palibe anachita kundiuza.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba yawo akusenda chinangwa. Sindinapereke ndi moni womwe. Ndinawafunsa kumene kwapita soda, ndipo sanakane. Anagwada pansi, kugwira miyendo yanga, kulira. Anati poyamba anangotapa kapu imodzi kuti ayesere, ataona kuti sopo akuyenda malonda anatapanso, mpaka anazindikira thumba litafika pakati. Ndiye anasiyiratu kuthira soda m'zitini, n'kumachulutsa kolorini kuti apampando asadziwe. Anati amuna awo akapita ku Muloza Loweruka akabwera ndi soda wina, tidzabwezera m'thumba munthu asanaone. Anandipempha m'dzina la chinjira chathu kuti ndisanene.

Ndinawatukwana ndithu, mawu amene sindingawalembe pano. Koma nditatukwana ndinavomera. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndikanawaneneza, akanachotsedwa ntchito, mudzi wonse ukanawatcha mbala, ndipo ine amene ndinawabweretsa ndikanaswa chinthu chimene ndinachisunga zaka zambiri. Ndinaganiza kuti masiku asanu si ambiri. Ndinabwerera kukatsuka ndi kasoda kotsala kaja, katatha ndinayesa madzi otentha ndi phulusa, ndikukwecha mpaka mapewa kuwawa. Koma therere la miyezi iwiri silichoka ndi phulusa la tsiku limodzi, makamaka m'mapaipi mmene bulashi safika.

Lachinayi galimoto inabwera. Adalaivala anatunga mkaka pang'ono m'thanki, kusakaniza ndi sipiriti m'kambale kawo monga amachitira nthawi zonse, ndipo mkakawo unadukaduka pamaso pa tonse. Anapukusa mutu, kukwera galimoto, n'kupita osapopa ngakhale dontho. Thanki yonse, mkaka wa masiku awiri wa alimi onse, unatsala pamenepo. Anthu anaunyamula m'zidebe kuti akayese kugulitsa ngati chambiko, koma ndani angagule chambiko chochuluka chotero. Wambiri unathera ku nkhumba. Ndinaona mayi wamasiye uja atakhala pansi pafupi ndi njinga yake, ndipo ndinalephera kumuyang'ana kumaso.

Mawa lake alangizi anafika. Sanafunse za magetsi. Anapinda mkono wa bulauzi monga kale, kulowetsa dzanja m'chitini, n'kundiyang'ana. Kenako anapempha kuti kabati itsegulidwe, ndipo kiyi anali pa chitenje changa. Apampando ataona thumba lopanda kanthu anaitanitsa msonkhano wa gulu lonse masana omwewo.

Tisanakhale pansi ndinakokera anjira pambali. Ndinawauza kuti zafika apa palibenso chobisa, anene okha zimene zinachitika, ine ndiwapepesera, ndipo ndinena kuti tibweza sodayo tonse awiri. Anagwedeza mutu n'kundifinya dzanja. Ndinakhala pansi mtima uli m'malo, ndikukonza mawu owapepesera.

Apampando anafunsa kuti soda wapita kuti. Ine ndinakhala chete kudikira anjira. Chete ameneyo anatalika, ndipo ndikudziwa tsopano mmene anaonekera kwa anthu. Kenako anjira anaimirira, atagwira manja kumbuyo, nalankhula ndi mawu ofatsa amene sindinawamvepo chiyambire.

“Ine pobwera pano ndinapeza kiyi ali ndi eni ake. Popita kuchipatala anandipatsa soda m'thumba lina, amvekere ndi wawo wogula okha, ndiwapangire sabawu wochapira matewera. M'kabati anandisiyira wochepa, amvekere ukatha uzingothira kolorini, apampando sadziwa kusiyana kwake. Ine ndi wophunzira, ndikanatsutsa bwanji? Sabawuyo ali kunyumba kwawo, ena mwa inu munalandirako.”

Sindinamve mkwiyo nthawi yomweyo. Ndinangomva kuzizira, ngati wina wandithira madzi a m'mawa kumsana. Ndinayang'ana pakamwa pawo ndikudabwa kuti mawu okonzeka bwino chotere anawaluka liti, pamene dzanja langa linali likadali lofunda ndi kufinya kwawo. Mayi wina anayankhula kumbuyo kuti zoona, iye analandira kachidutswa, ndipo ndinamuuza ndekha kuti ndi wopanga tokha. Wina anavomereza. Wachitatu anati kachidutswa kake sikanathe, atha kukatenga anthu aone.

Apo m'pamene ndinadzuka, ndipo ndinadzuka moipa. Ndinakuwa, ndinalumbira, ndinatchula Mulungu ndi manda a amuna anga. Ndinanena zonse, za kuseri kwa nyumba, za kugwada, za Loweruka. Koma munthu wokuwa pakati pa anthu amene ataya mkaka wawo samveka, ndipo anjira anangoweramitsa mutu n'kumalira mwakachetechete, anthu n'kumawamvera chisoni. Apampando anadikira kuti nditope, kenako anandifunsa mafunso awiri. Loyamba, ngati ndinapereka kiyi kwa munthu wina, ndinauza ndani. Lachiwiri, ngati ndinapeza thumba lopanda kanthu Lolemba, chinandiletsa n'chiyani kunena Lolemba lomwelo, mkaka wa anthu usanawonongeke. Kunena kuti ndinkateteza anjira kunali ngati kuvomera kuti tinali limodzi. Ndiye wina wa m'komiti, yemwe uja ankafuna kuikapo m'bale wake, anakumbutsa anthu mawu anga, kuti ndinanena ndekha kuti akadzalakwa ndalakwa ine.

Chimene chinandipweteka kwambiri si mawu a anthu amenewo. Anali mawu a alangizi. Pomaliza, akukankha njinga yawo, anaima pafupi nane n'kunena motsitsa mawu.

“Mayi, ena onsewa akanatha kunena kuti sadziwa. Koma inu munagwira therere ndi chala chanu Lolemba, n'kulola mkaka wa anthu kulowa m'thanki imeneyo masiku atatu.”

Pamenepo panalibe bodza lililonse, n'chifukwa chake zinandilasa. Za sopo ananditchera, koma masiku atatuwo ndinawasankha ndekha, ndipo ndinawasankha chifukwa cha munthu amene pa nthawiyo n'kuti akukonza kale zondigwetsera.

Anandichotsa ntchito tsiku lomwelo. Apampando anati popeza ndine membala wakale ndipo ndili ndi ng'ombe, sandichotsa m'gulu, ndizibweretsabe mkaka. Ndinamasula kiyi pa chitenje n'kumuika patebulo. Vuto linali loti pagulu ponse odziwa kutsuka ndi soda tinalipo awiri okha. Choncho ndikuona ndi maso angawa, apampando anatenga kiyi uja n'kupereka kwa anjira, akuwachenjeza kuti asamamvere malangizo oipa. Anjira analandira ndi manja awiri, atapinda maondo.

Kunyumba kunatsala mitanda inayi ya sopo. Ndinafuna kuiponya m'chimbudzi, ndinafika nayo mpaka pakhomo pake. Koma khanda linali likuipitsa matewera monga mwa masiku onse, ndipo ntchito inali itatha. Ndinabwerera nayo. Ndinachapira sopo ameneyo mpaka kachidutswa komaliza, ndikutukwana pa thewera lililonse, mwana wanga n'kumandiuza kuti amayi mudzadwala nazo. Umphawi ulibe ulemu, umakudyetsa ndi chimene chakuluma.

Milungu ingapo ndinkadikira. Ndinkati mwina abwera, mwina agogoda n'kunena kuti anachita mantha, kuti amuna awo ndiwo anawauza zonena. Ndikanawatukwana, ndikudzidziwa, koma mwina ndikanawatsegulira. Sanabwere. M'mudzi dzina langa linasintha. Ndikadutsa pamsika ndinkamva wina akufunsa mnzake ngati sopo watsika mtengo, onse n'kuseka. Kumpingo anandichotsa pa gulu losunga ziwiya za mgonero popanda kundiuza chifukwa. Mayi wamasiye uja mpaka lero amandiyankha moni akuyang'ana kumbali, ndipo iye yekha ndi amene sindimukwiyira.

M'nyumba mwanga munali mbale ya anjira, yamaluwa ofiira, yothethekera pang'ono m'mphepete. Anabweretsera mbatata tsiku limene tinatuluka m'chipatala, ndipo ndinali ndisanaibweze chifukwa ndinkafuna kuikamo chinthu chabwino. Tsiku lina masana ndinaitsuka, kuipukuta, kuinyamula osaikulunga pansalu kuti aliyense panjira aone mmene ilili. Ndinawapeza atakhala pakhonde. Ndinaika mbaleyo patsogolo pawo yopanda kanthu, n'kutembenuka. Sanandiitane, ndipo amayi awiri amene anali pamtondo chapafupi anasiya kusinja mpaka nditadutsa.

Ng'ombe sidziwa milandu, imafuna kukamidwa m'mawa uliwonse. Ndiye mpaka lero ndimanyamula mkaka wanga kupita pamalo pomwe paja, kuima pamzere, akalaliki n'kuyesa, kenako kupita pathandala kukalandira chitini chotsuka kuchokera m'manja mwa wotsuka wa gulu. Masiku oyambirira ndinkapita ndi chiyembekezo choipa, ndivomere. Ndinkafuna therere. Ndinkafuna tsiku limodzi lokha loti ndilowetse dzanja, chala chitsetsereke, ndiitane gulu lonse kuti bwerani mudzaone wophunzira wanu uja. Ndinkalandira chitini, kupita nacho kuseri kwa thanki ya madzi, kunyowetsa chala n'kukoka pansi m'mphepete.

Chinkalira. Tsiku lililonse chinkalira, bwino kuposa mmene zinkalirira zanga. Pamalopo sipanunkhanso kolorini mpaka kumsewu, mkaka subwezedwa, ndipo apampando amauza alendo kuti gulu lili ndi wotsuka wodziwa ntchito. Akunena zoona. Palibe chimene ndinawaphunzitsa chimene anaiwala. Ankadziwa kuti kolorini payekha sagumula nyumba ya tizilombo, ankadziwa chimene chinkamera m'mpopi muja tsiku lililonse limene ankatapa soda, ndipo ankadziwa kuti kiyi akadzafunsidwa adzapezeka pa chitenje cha yani. Ndikanapeza therere mwina ndikanati ndi umbuli kapena ulesi, n'kupeza pokhululukira.

Mwezi wathawu, m'mawa wina kukuwaza mvula, pathandala panalibe munthu wina. Ndinalandira chitini, ndipo poti kunali kunyowa sindinapite kuseri, ndinakoka chala pomwepo pamaso pawo. Chinalira. Anandiyang'ana, maso atadzaza misozi, n'kunena motsitsa kwambiri.

“Chalira, anjira.”

Pakamwa panga panatsala pang'ono kuyankha pokha monga kale. Ndinadikira kuti mwina pali mawu ena otsatira, aja ndakhala ndikuwadikira, oti akanene pamaso pa gulu. Panalibe. Ndinavundikira chitini changa.

“Zikomo, mayi,” ndinatero, monga ndimayankhira wogulitsa tomato amene sindimudziwa.

Ndinasenza chitini pamutu n'kuuyamba wa kunyumba, chifukwa ng'ombe inali isanadye.